Madontho Atatu a Daniya

Lachiwiri lililonse Philippa amabwera ndi kabokosi kathabwa,
timabotolo tofiirira, tosaposa chala chamkombaphala.
Amakutumula ambulera pakhomo la nyumba ya okalamba
kuno ku Leicester, kumene dzuwa la Januwale
limangosuzumira ngati wangongole, n'kubwerera.

Ine ntchito yanga n'kutembenuza matupi,
kusintha zofunda, kulemba m'buku amene wadya ndi amene wakana.
M'chipinda chachisanu ndi chinayi muli mayi Hansaben.
Chaka chathunthu sadandiyankhepo.
Chingerezi chidayamba kuwathawa,
kenako Chigujarati chidaguluka ngati mano,
lero limodzi, mawa awiri.

Awa ndi mafuta a njere za koriyanda, adatero Philippa.
Akuti akale ankawadalira m'mimba mukatupa,
mafupa akamaphwanya nyengo yozizira,
mutu ukalema, tulo tikamazemba.
Iye salonjeza kuchiza munthu.
Madontho atatu okha m'mafuta a mpendadzuwa,
ukapyola apo khungu la nkhalamba limanyerenyesa.
Ine ndidagwira dzanja lamanzere, iye akusisita lamanja.

Fungo lidafika mwakachetechete:
khungwa la mtengo, tsabola wofatsa,
khoko la lalanje louma pawindo.
Mphuno idalizindikira mutu usanadzuke.
Limbe, Loweruka masana, kuseri kwa masitolo,
kumene bambo anga ankasenza matumba
n'kubwera madzulo malaya akununkhira chomwechi.

Mayi Hansaben adatsegula maso.
"Daniya," adatero.
Kenako m'Chichewa chosalala, cha pamsika penipeni:
"Iwe Esinala, wakazinga njere zija? Usapsereze."

Philippa adandiyang'ana. Akuti chiyani?
Pakamwa panga padauma gwa.
Dzina langa ndine Lozindaba.
Esinala sindimudziwa.

Madzulo mwana wawo Kalpana adandifotokozera pafoni:
amayiwo adabadwira ku Limbe, adachokako ali ndi ana awiri.
Esinala anali wantchito wa m'khitchini,
ankagona pamkeka, pafupi ndi thumba la makala.
Ndidafunsa kuti adatsala bwanji ndege itanyamuka.
Foni idakhala chete kanthawi.
Sitikudziwa, adatero.

M'basi usiku umenewo mtima udandiwira.
Satifiketi yauphunzitsi ili pansi pa sutikesi,
ana anga akukula pa galasi la foni,
ulendo wonsewu kuti ndidzasanduke Esinala?
M'mawa ndidadzuka n'kupita.
Lendi sadziwa kuti munthu wakwiya.

Tsopano Lachiwiri tili ndi mphindi khumi, mwina zosakwana.
Chivindikiro chikatseguka, Limbe amalowa m'chipinda.
Amandifunsa mtengo wa tomato.
Amadandaula fumbi la Okutobala, madzi akuvuta pampopi.
Tsiku lina adati, "Mwana wako m'mimba mwaleka?
Tapa njere m'chitini, uwiritse, umumwetse.
Abwana asaone."
Ndidaseka osafuna.

Sabata yatha adandifinya dzanja, zala zoterera mafuta.
"Tidachoka m'bandakucha," adatero.
"Unali mtulo. Sindidakudzutse."
Sadanene kuti pepa. Adangondiyang'ana, kudikira.

Ndidati ndamva, mayi.
Zoposa apo sindikadatha.
Ngongole ya mwini sungaifafanize ndiwe wodutsa,
ngakhale wangongoleyo akulozere iwe.

Philippa adatseka kabotolo,
adalemba m'buku lake: wodwala anali wodekha, wayankhulako.
Fungo lidatsala pang'ono m'makatani,
Chichewa chawo chidazilala nalo limodzi,
maso adabwerera kukhoma.

Lamulo la pano likuti ndisambe m'manja ndi sopo
ndisanalowe chipinda china. Ndidasamba.
Koma dontho lidagwera pamkono wa juzi yanga,
ndipo m'basi yobwerera, mvula ikumenya galasi,
ndidakwirira mphuno pamenepo
mpaka ndidapitirira siteji yanga,
bambo ataima pakhomo, akuvula malaya.